Khutba ya Ijumaa: Moyo wa Wantchito ndi Amana

Kuyamikidwa konse nkwa Allah, Mwini kupereka riziki. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wake Muhammad.

Abale anga m'Chisilamu, muopeni Allah pa malonda anu monga momwe mumamuopera pa swala. Inu olemba anthu ntchito, kaya ku migodi ya malasha ku Moatize, pa chigayo kapena pa zomangamanga, dziwani kuti moyo wa wantchito ndi amana imene mwasungitsidwa. Fumbi la mumgodi limawononga mapapo pang'onopang'ono. Choncho chipewa cholimba, jombo ndi chotchinga mphuno ndi ngongole yanu kwa iye. Mtumiki adatiphunzitsa kulipira wantchito msanga, ndiponso kusamsenzetsa zimene sangazithe.

Madzi nawonso ndi amana. Zonyansa zotayidwa mu Revubue zimakathera mu Zambezi, momwe amayi athu amatunga ndipo asodzi amaponya maukonde. Kodi wudhu tidzaupanga ndi madzi ati tikawaipitsa tokha?

Inunso antchito, valani zodzitetezera, pakuti ana akukudikirani kunyumba.

Phindu lopezeka polumaza mnzako lilibe baraka, ndipo mwini wake akafunsidwa pa Tsiku la Kiyama. E, Allah! Tipatseni riziki la halali, ndipo mutikhululukire zolakwa zathu. Amin.