Kugwetsa Mnzako Osamutaya

Sabata ino ya Lenti tiyeni tisinkhesinkhe za masewera a judo, amene ana ndi adzukulu athu ena akuphunzira kuno kunja. Jigoro Kano, amene adatsegula sukulu ya Kodokan ku Tokyo m'chaka cha 1882, ankaphunzitsa kuti awiri olimbana ayenera kupindula onse.

Pa kulimbana koyeserera kotchedwa randori, katswiri wa lamba wakuda amatha kugwirana ndi wongoyamba kumene wa lamba woyera. Amayamba ndi kuweramirana, ndipo wamkuluyo sachepetsa ulemu wake. Akamgwetsa mnzakeyo, sataya mkono wa malaya ake; amaugwirabe kuti mutu usamenyetseke pansi. Komabe samunamiza pomangodzigwetsa dala, pakuti kutero n'kumunyoza. Amamsiyira mpata weniweni, ndipo wophunzirayo akaponda bwino, katswiriyo amalola kugwa. Apa m'pamene ndimamvetsa malangizo a Paulo Woyera m'mutu 15 wa kalata yake kwa Aroma, oti olimba asenze zofooka za anzawo m'malo modzikondweretsa okha.

Wofookayo naye ali ndi udindo wake, ngakhale sitiutchula kawirikawiri. Wongoyamba wofuna kuonetsa kuti si munthu wamba amaumitsa thupi n'kumakoka mwaukali, mapeto ake amavulaza mnzake kapena kudzivulaza yekha. Lamulo n'lakuti akapanikizika agogode kawiri, ndipo womugwirayo amsiye pomwepo. Kugogodako n'kuvomera kuti apa ndalephera. Kodi si zomwezo timachita mu Sakramenti la Kulapa? Enafe papita zaka mkono uli wopotoka, koma kugogoda ayi.

Pa Lachinayi Loyera tidzamva za Ambuye Yesu, Mphunzitsi mwini wake, atamanga nsalu m'chiuno kuti asambitse mapazi a ophunzira ake. Tidzamvanso Petro akukana. Ndikuganiza kuti kwa Petro kutumikiridwa kudali kowawa kuposa kutumikira.

M'kwaya muno ena mwaimba kuyambira paubwana, pomwe ena, makamaka achinyamata obadwira kuno, Chichewa chenichenicho amatchula movutikira. Inu a mawu amphamvu, tsitsaniko liwu kuti woima pambali panu adzimve. Akaphonya, mukonzeni pambali mofatsa, koma musamuuze kuti waimba bwino pamene sadaimbe bwino. Nanunso atsopano, mukasokonezeka pa mayeserero musangotsegula pakamwa opanda mawu; kwezani dzanja, woimbitsa abwereze mzerewo.