Kodi Mpira wa Chikulunga Umaba Nthawi ya Qur'an?

Mwana wa ku Chilobwe amadzuka kusanache kukatunga madzi, amakhala m'kalasi mpaka masana, ndipo akangodya amathamangira ku madrasa, kumene timamukhazikanso pamkeka mpaka dzuwa litapendeka. Tikamupatsa theka la ola pambuyo pa swala ya Asr kuti amenye chikulunga kapena adumphe jingo, makolo ena amatifunsa mwaulemu kuti: “Mwalimu, kodi ana athu tinawatumiza kudzasewera?” Funsoli sitiyenera kulipeputsa, pakuti amene amalifunsa amaopa Allah, ndipo amadziwa kuti Surah Al-Hadid, ndime 20, imayerekeza moyo wa dziko lapansi ndi masewera ndi chibwana.

Koma ndime imeneyo ikudzudzula munthu wamkulu amene waiwala tsiku lachimaliziro, osati mwana amene miyendo yake ikukula. Mu Surah Yusuf, abale a Yusuf atapempha kuti apite naye kukasangalala ndi kusewera, Mneneri Yaqub sanatsutse masewerawo. Iye anadandaula za kusiyana ndi mwana wake, naopa kuti chilombo chingamudye iwo atatayirira. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anapikisana liwiro ndi mayi Aisha. Poyamba anapambana ndi mayi Aisha, ndipo patapita nthawi anapambana ndi Mtumiki. Ndi iye yemweyo amene anatalikitsa sijida chifukwa mdzukulu wake anali atamukwera pamsana, ndiponso anakumbutsa Abdullah ibn Amr, amene ankasala usana uliwonse ndi kuswali usiku wonse, kuti thupi nalo lili ndi gawo lake loyenera kupatsidwa. Imam Al-Ghazali, amene anamwalira mu 1111, anaphunzitsa kuti mwana womanidwa masewera atatha maphunziro amafa mtima ndipo amayamba kudana ndi kuphunzira. Ife aphunzitsi zimenezi timaziona: mwana wosinza pa Juzu Amma nthawi zambiri si waulesi, wangotopa ndi kukhala pansi.

Thupi ndi amana, chinthu chosungitsidwa kwa ife chimene tidzafunsidwa. Bungwe la WHO limalangiza kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azigwiritsa ntchito thupi lake mwamphamvu kwa mphindi 60 tsiku lililonse. Nanga malo ake ali kuti? Nyumba kuno zinathithikana mpaka m'mbali mwa phiri la Soche, ndipo chiyambire pamene namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala mu Malichi 2023, amayi ambiri salola ana kutalikira pakhomo mitambo ikada. Bwalo la mzikiti, ngakhale lichepe, kwa ana ena ndi malo okhawo athyathyathya amene angathamangepo popanda njinga ya kabaza.

Pali funso lina limene limativutitsa koposa. Timajambula pansi mabwalo asanu ndi limodzi monga a phada, lililonse kuimira gulu la zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, masamba, zipatso ndi mafuta. Wina akafuula kuti “usipa!” onse amathamangira bwalo lake, ndipo wosokera amatuluka. Ana amaseka, amaloweza msanga. Komatu ena mwa iwo chakudya chawo chodalirika ndi phala la kusukulu, ndipo kafukufuku wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 osapitirira zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira. Kodi si nkhanza kuthamangitsa mwana kubwalo la nyama imene amailawa pa Eid pokha? Tavomereza kuti ingakhale nkhanza ngati tifuula mayina a zakudya za m'masitolo akuluakulu. N'chifukwa chake timatchula bonongwe, chisoso, mtedza, soya, bonya, mapeyala ndi magwafa, zimene mayi angazipeze pamsika wa Chilobwe. Ndipo wofooka ndi njala sitimuthamangitsa. Amakhala woweruza, kenako timakaonana ndi makolo ake mwakachetechete.

Surah Al-Baqarah, ndime 168, siitiuza za halali yokha. Imaonjezapo kuti chakudyacho chikhale chabwino. Ana athu amadziwa kufunafuna chizindikiro cha halali papaketi, ndipo tikuyamika. Koma jigisi ndi fulizesi zogulitsidwa pakhomo pa madrasa, ngakhale zitakhala halali, sizingamange thupi la mwana. Apa tinaphunzitsa theka la ndime n'kusiya theka linalo.

Za atsikana sitinamvanebe. Mtsikana akangofika zaka khumi ndi ziwiri, fulaye amamulanda m'dzina la manyazi, pamene mchimwene wake akuthamangabe. Makolo ena akuti zikwanire pomwepo. Ife tapempha komiti ya mzikiti kuti Loweruka m'mawa bwalo lizikhala la atsikana okhaokha, moyang'aniridwa ndi amayi awiri, ndipo yankho tikuliyembekezera ikatha swala ya Ijuma ikubwerayi.