Mafupa osachedwa kuthyoka: mfundo zoti tizilingalire

Mwa ana 15,000 mpaka 20,000 obadwa, mmodzi amabadwa ndi matenda otchedwa osteogenesis imperfecta, mwachidule OI. Mafupa ake amathyoka ndi zinthu zosayenera kuthyola fupa: kugwa pang'ono, kumuveka malaya mofulumira, mwinanso kuyetsemula kumene. Ana ambiri otere amakula mpaka kukalamba. Nkhani yagona pa moyo umene akhale m'zaka zonsezo.

1. Tisafulumire kuloza munthu chala. Fupa limalimba chifukwa cha kolajeni, amene amagwira ntchito ngati zitsulo za mu konkire. Mwa odwala ambiri, malangizo achibadwa opangira kolajeniyu, otchedwa COL1A1 ndi COL1A2, amakhala olakwika, ndiye ngakhale mwana amwe mkaka wochuluka bwanji, vutolo silichoka. Kholo limodzi likakhala ndi matendawa, pa mimba iliyonse mwayi woti mwana atengere ndi theka. Koma ena amabadwa nawo m'banja lomwe simunaonekepo zotere. Ku Zimbabwe ndi ku South Africa madokotala adapezanso mtundu wina woopsa umene umabwera pamene bambo ndi mayi onse ali athanzi koma akusunga cholakwikacho osadziwa. Tsono apongozi onena kuti "kwathu kulibe zimenezi" ayambe adziletsa. Palibe adalodza mwanayo, palibe mwambo umene mayi adaphwanya, ndipo kuthyoka pafupipafupi sikutanthauza nthawi zonse kuti kunyumba akumumenya.

2. Dzina ndi limodzi, koma kudwala kwake n'kosiyana. Mu 1979 dokotala wa ku Australia, David Sillence, adagawa matendawa m'mitundu inayi. Wina amathyoka kangapo ali mwana, n'kukula akuyenda bwinobwino, chizindikiro chokha chili choyera cha m'maso chooneka chabuluu. Wina amamwalira atangobadwa. Wina amakhala wamfupi, msana wopindika, akuyendera chikuku. Zimene zidachitikira mwana wa uje si mlozo wa mwana wanu.

3. Mantha a akuluakulu amalanda mwana zambiri kuposa zimene kuthyoka kumalanda. Apa ndi pamene chikondi chimasokera. Mayi amene adamvapo fupa la khanda lake likuthyoka m'manja mwake, n'zomveka kuti safunanso kuligwira. Motero mwana amagonekedwa m'nyumba, anzake amathamangitsidwa, sukulu imaiwalika. Koma fupa losagwiritsidwa ntchito limafooka, minofu nayo imalobodoka, ndipo kuthyoka kotsatira kumabwera msanga. N'chifukwa chake madokotala odziwa matendawa samusiya mwana m'chikhakha nthawi yaitali, ndipo amalimbikitsa mafizo ndi kusewera m'madzi, kumene thupi limapepuka. Kunyamula khanda lotere kumaphunziridwa: dzanja limodzi lotambasula kumutu ndi m'mapewa, lina kumatako, osalikoka m'khwapa, osalikweza ndi timiyendo posintha thewera. Agogo aphunzire, achemwali ake aphunzire, aphunzitsi aphunzire. Ine ndimaona kuti mwana wothyoka mkono akuseka ndi anzake pabwalo la sukulu wapindula kuposa amene wafika zaka khumi osadziwa kulemba dzina lake, chonsecho naye akuthyokabe ali chigonere.

4. Kusachiritsika si kusathandizika. Mu 1998 gulu la Francis Glorieux ku Montreal lidaonetsa kuti mankhwala a pamidronate, operekedwa m'diripi pakapita miyezi ingapo, amachepetsa ululu ndi kulimbitsa mafupa a ana. Kumenekonso kudachokera chitsulo cha Fassier-Duval, cholowetsedwa m'kati mwa fupa la mwendo, chimene chimatalika mwana akamakula. Kuno kwathu, chipatala cha Beit CURE ku Blantyre chakhala chikuchita maopaleshoni a mafupa a ana kuyambira 2002. Chovuta n'kufikako. Ulendo wa pa minibasi yothithikana ndi woopsa kwa mwana wotere, ndipo achibale kapena a mpingo ofuna kuthandiza ayambire pamenepo.

5. Mwana akanena kuti chathyoka, mukhulupirireni, ngakhale chithunzi cha kuchipatala chisanaonetse kanthu. Thupi lake amalidziwa ndi iyeyo. Tisaiwalenso makutu ndi mano: ambiri amayamba kusamva akamakula, ndipo ena mano awo amaphwanyika msanga.

6. Tisamusandutse phunziro. Michel Petrucciani wa ku France, wobadwa ndi matendawa, wamtali pafupifupi mita imodzi yokha, adatchuka padziko lonse poimba piyano ya jazi mpaka pomwe adamwalira mu 1999 ali ndi zaka 36. Anthu amakonda kumutchula ngati chitsanzo cha kulimba mtima, n'kuiwala kuti bambo ake adamupangira chipangizo chofikira zopondera za piyanoyo. Stella Young wa ku Australia, nayenso wobadwa ndi matendawa, mtolankhani ndi katswiri wa nthabwala amene adamwalira mu 2014, ankakana kuti anthu aulumali aziyamikiridwa chifukwa chongodzuka m'mawa, kuti ena amve bwino mumtima. Ali ndi zaka 14 adayendera masitolo a m'tauni ya kwawo ya Stawell, kufufuza omwe munthu wa pachikuku angalowemo. Komiti ya sukulu iliyonse ingathe kuchita zomwezo sabata ino, kuyambira pa masitepe a kalasi ndi pa chitseko cha chimbudzi.