Za Makalata Olembera Amene Anatsogola

Mwezi wa June ukafika kuno kumapiri a Dedza, pamene nkhungu igona pamitengo ya paini kufikira dzuwa litakwera, ndipo mphepo yochokera ku Bembeke ilowa ngakhale m'bulangete la munthu wopata, anthu amachedwa pamoto madzulo. Ndipo pamoto pochedwa anthu sipalephera kutuluka maina a iwo amene anatitsogolera. Inali nyengo yotere pamene ndinatsegula sutikesi yachitsulo ya malemu agogo anga aakazi, imene inakhala zaka zambiri kunsi kwa kama popanda woikhudza, ndipo m'kati mwake, pansi pa bulauzi yoyera ya Chigwirizano ndi buku la nyimbo lothothoka chikuto, ndinapeza makalata asanu omangidwa ndi luzi. Anayi anali ndi sitampa za ku Joni. Yachisanu inalibe sitampa, inalibe keyala, ndipo zilembo zake zokhotakhota, zolembedwa ndi pensulo, ndinazizindikira ndi manyazi pang'ono, pakuti zinali za dzanja langa lomwe ndili mwana wasukulu.

Kuti owerenga a masiku ano amvetse, ndiyenera kunena kuti kalata m'midzi mwathu sinali chinthu chamseri. Amuna ambiri a dziko lino ankapita kumigodi ya golide ya ku South Africa, ena ndi Wenela, ena pansi okha kudzera ku Tete, ndipo kalata yawo ikafika kumudzi inkaperekedwa kwa mphunzitsi kapena kwa mwana wodziwa kuwerenga, amene ankaiwerenga mokweza pakhonde, mbumba yonse ili chete, ndi anansi omwe atabwera ndi timipando tawo. Zimene mwamuna analembera mkazi wake zinkamvedwa ndi apongozi; moni wa mbale mmodzi unkagawidwa kwa anthu makumi awiri. Ena mwa amuna aja ankabwerako ndi njinga ndi majekete, ena anasanduka matchona, ndipo ena anathera panjira, monga aja oposa 70 amene anafa pa ngozi ya ndege ya Wenela ku Francistown m'chaka cha 1974, ngozi imene inachititsa boma la Dr. Banda kuimitsa kulemba anthu ntchito zakumigodi. Mlongo wawo wa agogo anga, amene anali mwini mbumba wathu, anachona chabe, ndipo patapita zaka uthenga unafika pakamwa pa munthu wina wobwerera kwawo wakuti anamwalira kale, naikidwa ndi alendo.

Maliro opanda mtembo ndi ovuta kulira. Anthu anasonkhana, anapepesa, anabalalika. Koma patapita masabata angapo agogo anandiitana kuseri kwa nkhokwe, nandiuza kuti nding'ambe pepala m'kope langa la masamu. "Lemba, iwe," anatero, "uyambe kuti Achimwene." Ndipo ananena pang'onopang'ono, akuyang'ana kuphiri la Chongoni, kuti chimanga chaka chimenecho chinachita bwino kumunda wakudambo; kuti denga limene iwo anafolera lija linagwa ndipo tinamanga lina; kuti nsalu imene anatumiza ija inang'ambika koma sanaitaye; kuti mwana wamkazi uja anamulipirira sukulu tsopano ali pabanja ndipo amawerenga yekha Buku Lopatulika; ndi kuti pa zonsezi iwo, agogo, sananenepo zikomo, chifukwa ankayembekeza kudzanena pamaso. Nditatha kulemba ndinafunsa, monga mwana wophunzitsidwa bwino, kuti, "Agogo, nanga keyala tilembe yotani?" Iwo anangotenga pepalalo, nalipinda kanayi, nati, "Za keyala nza a positi. Iwe wamaliza ntchito yako."

Funso limene kalata imeneyi yandisiyira ndi ili: kodi munthu wolembera wakufa akuchita chiyani? Kodi akupembedza mizimu, kapena akungodzinyenga, kapena pali chinthu chachitatu chimene dzina lake sitinalipeze? Funsoli si la agogo anga okha. M'tauni ya Otsuchi ku Japan, munthu wina wotchedwa Itaru Sasaki, atataya mbale wake m'chaka cha 2010, anaimika m'munda mwake kanyumba ka telefoni yosalumikizidwa ku waya uliwonse, kuti aziyankhuliramo ndi womwalirayo. Ndipo madzi a m'nyanja atasefukira m'mwezi wa March 2011, napha anthu zikwizikwi m'mbali mwa gombe limenelo, iye anatsegulira onse kanyumbako, kotero kuti ofedwa ochokera kutali amabwera kudzanyamula telefoniyo, ena nalemba mawu awo m'kope limene lili pambali pake. Ife sitiyenera kudabwa nawo anthu a ku Japan, pakuti timachita zomwezo osazindikira. Onani zikumbutso za m'nyuzipepala, kumene ana amalembera bambo wawo kuti patha zaka zakutizakuti mutatisiya. Onani mawu ozokotedwa paziliza m'manda a Linthipe kapena a Lobi. Onsewa amati "inu", ndipo "inu" ameneyo ndi munthu wogona pansi pa dothi.

Mkulu wa mpingo wina, munthu amene ndimamulemekeza, nditamufotokozera za kalatayi anapukusa mutu, nandikumbutsa za Sauli, amene anapita usiku kwa mkazi wobwebweta wa ku Endori kukautsa Samueli, ndi za chilamulo cha Mose choletsa kufunsira kwa akufa. Mawu akewo si opepuka, ndipo mpingo wa Nkhoma umene unalera agogo anga wakhala ukuwagwiritsa kuyambira masiku a amishoni oyamba. Komatu ndikaiwerenganso nkhani ya Sauli ndiona kuti mfumuyo inapita kukatenga kanthu: inafuna kudziwa za nkhondo ya mawa, popeza Yehova anali ataleka kuiyankha, ndipo inafuna kulowa pakhomo lakuseri pamene khomo lakumaso linatsekedwa. Agogo anga sanapemphe mvula, sanapemphe machiritso, sanafunse amene analodza mlongo wawo. M'kalata monsemo mulibe pempho ngakhale limodzi, ndipo yankho sanalidikire. Anapita kukapereka chimene anali nacho ngongole. Ngati pali munthu wa m'Malembo wofanana nawo, ndiye mfumu Hezekiya, amene atalandira kalata yoopsa ya Asuri, yosatheka kuiyankha ndi mphamvu zake, anakwera nayo kunyumba ya Yehova naifunyulula pamaso pake. Pakuti kalata imene wamtokoma sangaifikitse ili ndi malo amodzi okha koitula.

Makolo athu Achewa analibe vuto limeneli, chifukwa kwa iwo njira ya pakati pa amoyo ndi mizimu inali yopondedwa tsiku ndi tsiku, ndipo ufa wothiridwa patsinde pa mtengo kapena mowa wa nsembe zinali mawu omveka. Koma ndaona chinthu chimodzi, ndipo akuluakulu andikhululukire ngati ndaona molakwa: mauthenga ambiri pa njira imeneyo ankachokera kumanda kubwera kumudzi. Amene wafika ku Mua, kumunsi kwa mapiri athuwa cha ku Mtakataka, kumene Ansembe Oyera anakhazikitsa mishoni m'chaka cha 1902, ndi kumene Bambo Claude Boucher, amene anthu anawapatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a luso a KuNgoni m'chaka cha 1976, waona m'nyumba ya Chamare nkhope za Gule Wamkulu mazanamazana. Ndipo wofotokoza amakuuza kuti chilombo chilichonse chili ndi uthenga wake, china chodzudzula mkamwini waulesi, china mfumu yaumbombo, china munthu wosasunga mwambo. Amenewo ndi makalata a akufa olembera amoyo, owerengedwa pabwalo ndi ng'oma. Ndipo amoyo akayankhula kwa mizimu, kawirikawiri kunali kupepesa kapena kupempha, poti mwana wadwala kapena mvula yakana.

Kuthokoza ndiko kumasowa malo. Ndife anthu aulemu, ndipo timawomba m'manja ngakhale polandira chikho cha madzi. Koma ulemu womwewo umatimanga pakamwa pa zinthu zazikulu, kotero kuti mwana amene anena zikomo khumi pa tsiku chifukwa cha nsima, angathe kukalamba osanenapo kwa amake kapena kwa atsibweni ake kuti moyo wanga wonse ndi ntchito ya manja anu. Timati tidzanena tsiku loyenera, kuiwala kuti chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku la maliro likafika, oyankhula ndi amfumu, ndi mwini mbumba, ndi mkulu wa mpingo, ndi wowerenga ndalama za chipepeso. Mlongo amene anadziwa womwalirayo kuposa onse ali m'nyumba ya siwa, ndipo mawu ake amira m'kulira kwa amayi anzake. Adzukulu akafotsera, akameta, anthu amuuza kuti alimbe mtima. Mwa akhate khumi aja a m'Malembo amene anachiritsidwa, mmodzi yekha anabwerera kudzathokoza. Ine ndakhala ndikuganizira za asanu ndi anayi otsalawo, kuti mwina ena a iwo sanali osayamika, koma anachedwa, ndipo pobwerera anapeza Wowachiritsayo atachokapo.

Mphwanga wina wophunzira, amene sakhulupirira za mizimu kapena za Endori, anati zonsezi n'kutaya pepala, pakuti wakufa sawerenga. Sindinatsutsane naye za chimene akufa amamva, poti zimenezo nza Chauta. Ndinangomuonetsa kuti agogo, amene akanatha kunong'ona mawu awo okha usiku popanda wowamva, anasankha kuitana mlembi. Ndipo posankha mlembi anasankha mboni. Chisoni chosanenedwa chili ngati utsi m'nyumba yopanda zenera, koma pochilemba munthu amakakamizidwa kutchula zinthu ndi maina ake, denga, nsalu, ndalama za sukulu, kufikira chimene chinali mtambo wakuda chisanduka mbiri ya munthu amene anakhalako ndi kuchita zakutizakuti. Ine amene sindinawaonepo achimwene awo a agogo aja ndi maso, ndimawadziwa lero chifukwa cha pepala la m'kope la masamu.

Tsono ngati mboni ifunika, kodi si bwino kuti mudzi kapena mpingo ukhale ndi malo amene makalata otere angasonkhanitsidwe, monga anachitira Sasaki, kuti wofedwa aone kuti sali yekha? Maliro n'kulirana, ndipo luso la ntchito yotere silisowa kuno, kumene kuli osema a ku Mua ndi oumba mbiya a pa Dedza. Mtima wanga uvomera, koma ndi mantha amodzi, amene aliyense wokulira m'mudzi adzawamvetsa. Pakati pathu imfa siichedwa kupezeredwa mwini. Ndipo khoma limene lamangidwira misozi lingathe kusanduka bwalo la milandu, pamene wina alemba kuti amayi, tikudziwa amene anakuchitani zimenezi, ndipo nkhalamba ina yosalakwa igona kuthengo usiku womwewo. Palinso zinthu zimene mkazi wamasiye angauze mwamuna wake, zimene apongozi sayenera kuziwerenga.

Pa ichi aphunzitsi anga ndi mapanga a Chongoni. M'mapiri amenewa muli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006. Zofiira, za mizere ndi timagudumu, nza Akafula amene makolo athu anawapeza m'dziko muno. Zoyera, zopakidwa ndi chala choviikidwa m'dothi loyera, nza Achewa, zina za chinamwali, zina za Nyau. Ndinakwerako ku Mphunzi tsiku lina m'mawa, udzu uli ndi mame ozizira ngati singano, ndipo ndinaima nthawi yaitali patsogolo pa chinyama choyera chotambalala miyendo, cha madonthomadontho pamsana, chimene manja a amayi anachijambula pamwamba pa zofiira za anthu amene iwo sanawaone. Mbusa wa mbuzi aliyense angathe kuchiona, mlendo wochokera ku Ulaya angathe kuchijambula ndi kamera. Koma chimene chinkanenedwa pamenepo kwa anamwali chinatsala ndi anamkungwi, ndipo mwamuna ngati ine ndibwerako ndi maso okhuta ndi makutu opanda kanthu. Mwalawo uli poyera, mawu ake ali obisika, ndipo mibadwo iwiri ya anthu osadziwana inagawana khoma limodzi popanda wina kufafaniza mnzake. Ndikanakhala ine womanga malo a makalata aja, ndikanaumbitsa miphika yaing'ono yotsekeka, uliwonse ndi chizindikiro cha mwini wake kunja, khasu kapena mtanda kapena njinga, kalata ili m'kati yopindidwa kanayi. Ndipo wofuna kuti yake iwerengedwe mokweza akanaitana yekha womuwerengera, monga zinkakhalira pakhonde.

Kalata ya agogo ndinapita nayo kwa amayi anga, mwana wamkazi uja wa sukulu, amene tsopano maso awo achita khungu ndipo amakhala pamphasa kutsata dzuwa pamene lisunthira. Ndinawawerengera yonse, iwo ali duu, manja ali pamaondo. Nditafika pa mawu a ndalama za sukulu anandiimitsa, nati ndibwereze, ndinabwereza. Kenaka anandiuza chimene sindinkachidziwa, chakuti ndalamazo zinkabwera zitasokeredwa m'mphepete mwa bulangete, ndi kuti atsibweni awowo anali ndi chala chimodzi chodukira kumgodi, chimene ankawaopseza nacho ana mwanthabwala. Anakhala chete kanthawi, mphepo ikugwedeza masamba a mapichesi kuseri kwa nyumba, ndipo anafunsa ngati m'nyumbamo muli pensulo. Ndinalowa kukang'amba pepala m'kope la mdzukulu wawo, ndipo nditakhala pansi pambali pawo anati, "Uyambe kuti Amayi."