Dzuwa ndi la Mulungu, Nanga Ola la Ntchito Amaika Ndani?

Ambiri a inu mudayendapo pa msewu wochoka ku Lusaka kupita ku Kafue. Mukapitirira Chilanga, basi imafika pa Shimabala ndi kuima pang'ono pa geti yolipirira msewu. Tsiku lina mukadzadutsa m'mwezi wa Okutobala dzuwa lili paliwombo, mudzasuzumire pa zenera. Dera lino ndi la miyala. Mudzaona ophwanya miyala ndi hamala, anyamata opakira m'malole, oumba mabuloko, ndi ogulitsa tomato akuthamangira magalimoto pa phula lotentha. Onsewa denga lawo ndi thambo.

Funso langa kwa inu ndi ili: mmodzi wa anthu amenewa akakomoka ndi dzuwa, kapena mphezi ikamugwera ali pa ntchito, mlandu ndi wa yani?

Yankho lathu la pa maliro mukulidziwa. Timati, "Ndi chifuniro cha Mulungu." Ena amanong'onezana kuseri kuti mpheziyo idachita kutumizidwa ndi munthu. Mayankho awiriwa amasiyana kutali, koma amagwirizana pa chinthu chimodzi: palibe amene amafunsa amene adamuika munthuyo pamtetete nthawi imeneyo.

Sindikutsutsa chiphunzitso chathu ayi. Katekisma wa Heidelberg, pa Sabata 10, amatiphunzitsa kuti mvula ndi chilala sizibwera mwangozi, zimachokera m'dzanja la Atate. Tidakangamira pa mau amenewa m'chaka cha 2024, chimanga chitapsa m'minda, mpaka pa 29 Febuluwale Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema adalengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Koma tsegulani Katekisma yemweyo pa Sabata 40, pamene akumasulira lamulo loletsa kupha. Pamenepo tikuuzidwa kuti kusagwira mpeni sikokwanira. Tiyenera kutchinjiriza mnzathu ku choipa monga momwe tingathere, ndipo ife eni tisadziike dala pangozi. Pa Deuteronomo 22:8 womanga nyumba akulamulidwa kuika kampanda pa denga, kuti wina akagwa mwazi usakhale pa nyumbayo. Mulungu ndiye adalenga kuti chinthu chizigwa pansi, koma wofunsidwa ndi mwini nyumba amene adaumira pa kampanda.

Ndikuulule zanga, kuti musaganize kuti ndikuloza chala mabwana a makampani okha. Chaka china, mvula isanayambe, ndidapatsa mnyamata wina ganyu yokumba dzenje la chimbudzi. Tidapangana mtengo wa dzenje lonse, ndipo ine ndidapita ku msonkhano wa Chigwirizano nditavala yunifomu yanga yoyera bwino. Pobwerako cha m'ma 14 koloko ndidampeza atatsamira khoma la dzenje, akulankhula zosamveka. Choyamba chimene chidabwera m'mutu mwanga, ndinene mwamanyazi, ndi chakuti wamwa kachasu. Mnansi wanga amene adagwirapo ntchito ku chipatala ndiye adakuwa kuti, "Amai, mwanayu lamupweteka ndi dzuwa, tungani madzi!" Tidamtulutsa, kumugoneka pansi pa mango, kumuthira madzi thupi lonse ndi kumukupiza ndi chitenje, kenaka tidathamangira naye ku kiliniki. Adachira. Kabotolo kamene adabwera nako kadatha m'mawa, ndipo ankachita manyazi kugogoda pa khomo kupempha madzi.

Thupi la munthu limakhala pa madigiri 37, ndipo limadzizizira lokha potulutsa thukuta. Munthu akamagwira ntchito yolemetsa, minofu nayo imatulutsa kutentha. Madzi akachepa m'thupi, kuzizirako kumalephera. Poyamba mutu umawawa, chizungulire chimabwera, miyendo imakokana, mkodzo umachepa ndi kuda. Thupi likapitirira madigiri 40 ubongo umasokonezeka, ndipo munthu angathe kufa tsiku lomwelo ngati sanamuziziritse msanga. Amene wangoyamba kumene ntchito ndiye ali pangozi kwambiri, chifukwa thupi limafuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti lizolowere. Akatswiri amalangiza kapu imodzi ya madzi pa mphindi 15 kapena 20 zilizonse, osadikira ludzu. Ndiponso kuvulala kwina sikuoneka tsiku lomwelo. Ku Nicaragua ndi ku El Salvador, odula nzimbe ambiri akhala akufa ndi matenda a impso ali anyamata, ndipo ofufuza amati chimodzi mwa zifukwa zazikulu ndi kugwira ntchito pa dzuwa tsiku ndi tsiku popanda madzi okwanira ndi kupuma.

Usiku umenewo ndidadziteteza mumtima. Kodi ndidamkakamiza? Ndi munthu wamkulu, akadatha kupuma. Mwina inunso mukuganiza chimodzimodzi, ndipo muli choonadi pang'ono m'menemo. Koma taganizirani bwino za malipiro a ganyu. Tikamalipira pa dzenje, pa mzere, pa buloko kapena pa wilibala, ndiye kuti ola lililonse limene munthu wakhala pamthunzi walilipira yekha kuchokera m'thumba mwake. Ali ndi ufulu wopuma, inde, koma ufuluwo mtengo wake ndi ndiwo za madzulo za ana ake. Ine ndidapindula ndi kufulumira kwake, iye ndiye adasenza ngozi yonse. Ndikaona chonchi, mau akuti "adasankha yekha" sandikhutiritsanso.

Wina adzati, "Nanenso ndine wosauka, ndalama ya ganyuyo ndachita kukongola ku chilimba." Zoona. Koma zambiri zimene zimapulumutsa moyo sizifuna ndalama. Chigubu cha madzi choikidwa pamthunzi. Kupangana kuti ntchito iyambe mbandakucha, iime dzuwa likakwera, ipitirire madzulo. Kunena ndi pakamwa panu kuti, "Mwananga, dzenjeli likatha mawa kapena mkuja, ndalama yako ndi yomweyo." Werenganinso Rute mutu 2. Boazi sadathe kuchepetsa dzuwa la m'nyengo yokolola, koma m'munda mwake munali mitsuko ya madzi, ndipo iye mwini adauza mkazi wachilendo uja, amene sanali ngakhale wantchito wake, kuti akamva ludzu azikamwa. Chimene chimandikhudza ndi chakuti sadadikire kuti Rute apemphe. Ankadziwa manyazi a munthu wosauka pa khomo la eni.

Maboma nawo ayamba kudzuka. Bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO lidanena mu 2024 kuti antchito oposa 2.4 biliyoni amagwira ntchito pa kutentha koopsa, ndipo pafupifupi 18,970 amafa nako chaka chilichonse. Dziko la Qatar mu 2021 lidaletsa ntchito za pa dzuwa kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 15:30, kuchokera pa 1 Juni kufika pa 15 Seputembala. Kuno kwathu, mu 2010 Nyumba ya Malamulo idapanga lamulo loteteza umoyo ndi chitetezo cha antchito, lopatsa wolemba ntchito udindo umenewu. Ngati amuna anu kapena ana anu ali pa kampani, kupempha madzi, mthunzi, chipewa ndi jasi la mvula si mwano ayi. Koma tinene zoona, palibe woyendera wa boma amene adzafike kuseri kwa nyumba yanu kudzaona wokumba chimbudzi. Kumeneko lamulo ndinu.

Za mphezi nkhani ndi yomweyo, kungoti imafulumira. Kuyambira Novembala mpaka Malichi mitambo imasonkhana masana, nthawi imene opalira ali pakati pa munda. Mukamva kugunda, dziwani kuti mphezi ingathe kufika pamene muli. Phokoso limayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu, choncho mukaona kung'anima ndi kumva kugunda musanawerenge kufika 30, mphezi ili pafupi, mkati mwa makilomita 10. Pansi pa mtengo ndi malo oipitsitsa, ndipo kachisakasa kopanda makoma sikateteza. Lowani m'nyumba yeniyeni kapena m'galimoto yotseka mazenera, ndipo mudikire mphindi 30 kuchokera pa kugunda komaliza. Munthu amene mphezi yamugwera alibe magetsi m'thupi, mgwireni ndi kumuthandiza msanga. Tsono amene ayenera kunena kuti "siyani makasu" ndi mwini munda. Waganyu sanganene, amaopa kuti mawa simudzamuitananso.

Pali gulu limodzi limene limandisowetsa tulo: amai ophwanya miyala paokha. Alibe bwana woti timudzudzule. Koma ali ndi ogula, ndipo ogulawo ndife, pamene tikumanga nyumba zathu ndi matchalitchi athu. Timanenerera mtengo wa wilibala mpaka atagonja, ndi kubwerera kunyumba tikunyadira kuti tagula motchipa. Ndalama imene tadulayo adzaibweza ndi ola lina pa dzuwa. Ndipo inu amai amene mumaphwanya miyala, mukuwerenga muno kapena wina akukuwerengerani, Sabata 40 ija ikunenanso za moyo wanu. Kupuma masana si ulesi. Mwana ali kumsanayo thupi lake limatentha msanga kuposa lanu.

Mnyamata uja adabweranso patapita masiku anai kudzamaliza dzenje. Ndidamuuza kuti afike 5 koloko m'mawa, ndipo ndidamuikira chigubu cha madzi ndi chibwantu pansi pa mango. Itakwana 10 koloko ndidapita kukamuuza kuti atuluke. Adandiyang'ana mokaika, nandifunsa ngati ndidzamudula ndalama.