Alipo, Aliko Kapena Alimo? Funso la Mphunzitsi wa Pakanema

Chichewa chili ndi timphatikira titatu tomwe timasiyanitsa mitundu ya kupezeka kwa munthu: -po, -ko ndi -mo. Tikati munthu alipo, ndiye kuti ali pafupi, tikhoza kumugwira dzanja. Tikati aliko, ali kwina, ndipo timangomva za iye. Koma tikati alimo, tikunena zoposa malo, pakuti wonena kuti "m'nkhaniyi ndilimo" akuvomera kuti zotsatira zake zimukhudza. Luso la telepresence, dzina lomwe Marvin Minsky adalitchukitsa mu 1980, cholinga chake n'kuti munthu yemwe aliko aoneke ndi kumveka ngati alipo. Funso lomwe tifuna kuliunika ndi lakuti: kodi mphunzitsi wofika m'kalasi kudzera pa makina otere tingati alimo?

Tiyambe ndi kuvomereza ubwino wake. Ku Kempton Park, mu mzinda wa Ekurhuleni, n'komwe kuli bwalo la ndege la O.R. Tambo, khomo lomwe akatswiri ambiri ochokera ku Lilongwe, Lusaka ndi Harare amalowera popita kumisonkhano ya zamaphunziro. Aliyense wotera pabwaloli amasiya kwawo anzake anzeru zofanana naye amene adalephera kupeza ndalama ya ulendo. Kwa otsalawo, kulankhula pakanema ndi mwayi waukulu. Chaka cha 2020, mliri wa Covid-19 utatseketsa sukulu ku Malawi ndi ku South Africa m'mwezi wa Malichi, maphunziro ena adapitirira pa Zoom ndi njira zina zotere, ngakhale kuti wophunzira wopanda magetsi kapena intaneti adatsalira m'mbuyo.

Komabe Kempton Park yomweyo ikutiphunzitsa china. Pa 20 Disembala 1991, m'nyumba ya World Trade Centre mudayamba zokambirana za CODESA, ndipo tsiku lomwelo Nelson Mandela ndi F.W. de Klerk adasemphana mawu pagulu, koma m'mawa mwake adayenera kukumananso m'chipinda chomwecho. Pa 25 Juni 1993, gulu la AWB lidathyola magalasi a nyumbayo ndi galimoto yankhondo, nthumwi zili mkati. Ngakhale zidatero, nthumwizo zidabwereranso, ndipo mu Novembala chaka chomwecho zidagwirizana za malamulo ongoyembekezera oyendetsera dziko. Anthu amenewa sakadatha kuzimitsa makina mtima utapsa kapena mantha atawagwira. Kukhala pamalo amodzi kudawamanga chingwe chimodzi, ndipo mawu a aliyense adalemera chifukwa mwini mawuwo adali pangozi imodzi ndi omvera ake.

Kalasi si bwalo la ndale, komabe nalo limadalira mgwirizano wotere. Akatswiri a zilankhulo adapeza kuti pokambirana, mpata wa pakati pa wolankhula ndi woyankha umakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a sekondi. Mawu akachedwa pang'ono panjira, anthu amayamba kudulana pakamwa, kenaka ofatsa amangokhala chete. Ndiponso poti kamera ili pena ndipo nkhope ya mnzako ili pena, simungayang'anane m'maso. Makolo athu ankadziwa kufunika kwa womvera, n'chifukwa chake wokamba nthano sapitiriza ngati ana sakuvomera kuti "tili tonse". Pakanema, omvera amapemphedwa kutseka maikolofoni, motero "eya" ndi "inde" zimene zimauza mphunzitsi kuti afulumire kapena abwereze zimasowa.

Wina anganene kuti makina akupita patsogolo, ndipo kuchedwa kwa mawu kudzatha. N'zotheka. Anganenenso, ndipo n'zoona, kuti ambiri tidaphunzitsidwapo ndi munthu woima patsogolo pathu, choko kumanja, mtima uli kwina, wosadziwa ndi dzina lomwe la wophunzira mmodzi. Ameneyo adalipo, koma sadalimo. Tsono thupi palokha si chitsimikizo cha udindo. Chomwe thupi limachita n'kutsekereza njira yothawira: wophunzira akhoza kukutsatira pakhonde ndi funso lomwe adachita nalo manyazi m'kalasi, ndipo ukaona mpando wopanda munthu kwa masabata awiri umakakamizika kufunsa. Pakanema, phunziro likatha nkhope zonse zimazimirira nthawi imodzi, ndipo palibe chokukakamiza.

Maganizo anga ndi akuti makinawa amasandutsa -ko kukhala -po, koma -mo sangamupange. Zomwe kale zinkachitika zokha chifukwa chokhalira pamodzi, tsopano mphunzitsi ayenera kuzichita mwadala: kudziwa mayina, kusiya mpata woyankha ngakhale chete atatalika, kutsala phunziro likatha, ndi kufufuza yemwe wasowa kuti adziwe ngati vuto ndi matenda, magetsi kapena ndalama ya intaneti. Nayonso yunivesite yogula makinawa n'cholinga chakuti mphunzitsi mmodzi akwanire ophunzira zikwi ikuchotsa mwayi woti iye akhalemo, pakuti palibe angasenze udindo pa anthu omwe sangathe ngakhale kuwawerenga. Choncho poyesa phunziro la pakanema, tisamathere pa kuwala kwa chithunzi. Tizifunsa ngati wophunzira atalephera, pali munthu amene zingamupweteke.