Kompyuta ni Yanga, Nanga Ngozi ni ya Ndani?

Mu October wina ninakhala pa mpando m'nyumba ya mayi wina wa m'komboni mwathu, mau atanithela. Ananipatsa nchito yojambula kitchen party ya mwana wao na kukonza vidiyo yake. Vidiyo inatuluka, koma pamalo pamene ambuya a mkwatibwi anali kupeleka malangizo, cithunzi cinali mabokosi-mabokosi obiliwila, mau osamveka. Khadi ya kamela ninali nitaifafaniza kale kuti nijambulilepo nchito ina. Mayiyo anaonelela mpaka kumapeto, ndiyeno anati, "Mwana wanga, ambuya aba ni okalamba. Uganiza azakambanso liti?" Ninalibe coyankha.

Kamela inalibe mlandu. Mlandu unali wanga. Masabata awili m'mbuyomo ninali nitacita cimene anyamata okonda makompyuta amacicha overclocking, kutanthauza kukakamiza pulosesa na RAM kuti zithamange kuposa liwilo limene opanga analemba pa bokosi. Kompyuta yanga ni yakale, yogula kwa munthu, ili na pulosesa ya Intel Core i5-2500K imene inatuluka mu 2011. Mkati mwake muli koloko imene imagunda pa 100 MHz, ndipo pulosesa imaculukitsa kugundako na nambala inayake. Nambala ya ku fakitale ni 33, ndiye cifukwa cake liwilo lake ni 3.3 GHz. Ukalowa mu BIOS n'kulemba 45 m'malo mwa 33, wafika pa 4.5 GHz osalipila olo ngwee imodzi. Ninacita zimenezo, ninakwezako voltage, RAM nayo ninaikankhila pamwamba. Kompyuta inayaka, magemu anayenda, ine n'kudziona katswili. Koma RAM inali kulakwitsa mwakacetecete, ndipo pokopa mafayilo a mayi uja inaononga tizigawo twina.

Kucokela tsiku limenelo nakhala nikudzifunsa: kodi colakwa canga cinali kudumpha malile amene opanga anaika?

Yankho lofulumila ni lakuti inde, malile ni malile. Koma yankho limeneli silinikhutilitsa, cifukwa malile a pa bokosi si onse amene anaikidwa na cilengedwe. Mapulosesa amadulidwa ambili-mbili pa cimbale cimodzi ca silicon, ndipo satuluka ofanana ndendende. Kampani imawayesa, othamanga kwambili imawaika mtengo wapamwamba, enawo wapansi. Nthawi zina msika umafuna ochipa ambili, conco pulosesa imene ikanatha kuthamanga kwambili imamangidwa miyendo n'kugulitsidwa ngati yofooka. Mu 1998 Intel inatulutsa Celeron 300A, pulosesa ya anthu a ndalama zocepa, yothamanga pa 300 MHz. Anthu anapeza kuti ukasintha liwilo la motherboard kucoka pa 66 kufika pa 100 MHz, zambili mwa izo zinali kuyenda pa 450 MHz, n'kumapikisana na Pentium II yodula kwambili. Ca m'ma 2000, ena anali kutsegula maloko a AMD Athlon na Duron mwa kulemba na pensulo pa tumizela twa pamwamba pa pulosesa. Anthu amenewa sanabe kanthu. Anagula cinthu, anaciphunzila, anatulutsamo zimene zinalimo kale.

Masiku ano opanga eni ake amagulitsa ufulu umenewu. Cilembo K pa pulosesa ya Intel citanthauza kuti nambala yoculukitsila ija ni yosakhoma. Ma Ryzen a AMD anabwela mu 2017 ali osakhoma. Pa RAM pali XMP ya Intel, na EXPO ya AMD imene inabwela mu 2022, zimene zimakweza liwilo ukangosankha kamodzi mu BIOS. Kwa wacinyamata amene sangakwanitse kugula kompyuta yatsopano, kufinya mphamvu zonse m'makina akale ni nzelu, monga mmene amai amagawila nkhuku imodzi kuti ikwanile nyumba yonse. Sinikhulupilila kuti munthu wosauka ayenela kulemekeza malile amene anaikidwa cabe kuti wolemela alipile zambili.

Koma m'malile muja mulinso cinthu cina. Opanga amasiyako mpata dala, kuti pulosesa igwile nchito bwino pa tsiku lotentha, m'nyumba ya malata, feni itadzala fumbi, makina atakalamba. Wocita overclocking amadya mpata umenewo. Ndipo masamu ake sakondela munthu. Kutentha kumakwela molingana na liwilo, koma voltage imawelengedwa kawili. Ukakweza liwilo na 10 pelesenti, voltage na 10 pelesenti, mphamvu imene pulosesa imadya n'kuisandutsa kutentha imakwela na pafupi-fupi 33 pelesenti. Voltage yoculuka pamodzi na kutentha zimadya pang'ono-pang'ono tunjila twa citsulo twa mkati, mwakuti pulosesa imene inali kupilila caka catha ingayambe kugwa caka cino.

Coopsa kwambili ni ici: pulosesa imadziwa kudziteteza ku kutentha. Ikayandikila madigili 100 imacepetsa yokha liwilo kapena kuzima. Koma ikawelengela molakwika, nthawi zambili sidziwa. RAM ya m'makompyuta ambili a panyumba ilibe njila yokonzela zolakwa zake. Kompyuta ikazima mwadzidzidzi kapena kuonetsa sikilini ya buluu, yamikila, cifukwa yakucenjeza. Cilango ceni-ceni ni pamene 0 wasanduka 1 penapake m'fayilo, makina n'kupitiliza ngati palibe cacitika.

Apa m'pamene naona kuti funso langa loyamba linali lolakwika. Nkhani si yakuti malile awadumpha kapena iyai. Nkhani ni yakuti zinthu zikaonongeka, adzalila ndani.

Pali anthu amene amacita overclocking ngati masewela. Amathila nitrogen yamadzi, yozizila kufika pa madigili 196 pansi pa zilo, pamwamba pa pulosesa kuti aone pamene ingafike. Kumapeto kwa 2022, gulu lina linapitilila 9 GHz na Core i9-13900K, pogwilitsila nchito helium yamadzi. Pulosesa ikapsa, yapsa yao, ndipo aliyense adziwa kuti liwilo limenelo ni la kamphindi cabe. Koma m'zaka za m'ma 1990 kunalinso amalonda ena amene anali kufafaniza nambala pa ma Pentium ocedwa, n'kulembapo nambala yapamwamba, n'kugulitsa kwa anthu osadziwa. Ici ni cimodzi mwa zifukwa zimene zinacititsa Intel kuyamba kukhoma mapulosesa ake. Magulu onse awili anali kucita cinthu cimodzi-modzi pa silicon. Oyamba ananyamula okha ngozi. Aciwili anatenga phindu, ngozi n'kuipatsila munthu wina amene sanafunsidwe.

Ine ninali kudziona ngati wa gulu loyamba. Zoona zake, ninali pafupi na laciwili. Mphindi zimene ninapulumutsa pokonza vidiyo zinali zanga. Cimene cinaikidwa pa njuga cinali ca mayi uja. Kompyuta inali yanga, inde, koma dalaivala wa minibasi sangakambe kuti "galimoto ni yanga" pamene anthu khumi na asanu akhala kumbuyo kwake.

Wina angatsutse kuti makampani akulu-akulu nawonso amakankhila zinthu zao m'mphepete mwa phompho pofuna kupambana anzao. N'zoona. Mu 2024 Intel inavomeleza kuti mapulosesa ena a m'badwo wa 13 na 14 anali kupempha voltage yoposa muyezo, zimene zinali kuwacititsa kusakhazikika. Kampaniyo inatulutsa pulogilamu yokonzela vutolo na kuonjezela zaka ziwili pa warranty. Koma zimenezi sizinimasula. Zingoonetsa kuti lamulo ni limodzi kwa wamkulu na wamng'ono: wapanikiza makina, ena avutika nazo, lipila.

Ufulu wodumpha malile uli na mtengo wake, ndipo mtengowo ni kuyesa. Zida zake ziliko, zaulele: Prime95 yopanikiza pulosesa, MemTest86 yofufuza RAM. Ukweza pang'ono, uyesa kwa maola, uyang'ana kutentha, ukwezanso pang'ono. Uyesa masana a October, osati m'mamawa wa June. Zikalephela, ubwelela m'mbuyo. Zonsezi ninali kuzidziwa. Sininazicite cifukwa sininafune kumva kuti nambala imene ninali kudzitama nayo kwa anzanga inali yabodza. Nitayendetsa MemTest86 pambuyo pa ngoziyo, mizela yofiila inaonekela madzi a tiyi asanawile. Akulu-akulu anati kuthamanga si kufika, ndipo ine ninali kuganiza kuti mwambiwu ni wa anthu oopa liwilo. Lomba nimaumva mwina: liwilo limene sunaliyese ni lonjezo limene wapeleka popanda kudziwa ngati ungalisunge.

Conco kwa mnzanga amene wakhala pa BIOS usiku uno, siniletsa. Ngati makina ni ako, ndipo cimene cingataike ni gemu yako cabe, yesa, uphunzile, utenthe zala. Koma dziwa kuti warranty ya opanga siteteza zoonongeka na overclocking. Ngati pa makinawo pamadutsa assignment ya mlongo wako, nyimbo ya munthu amene walipila studio, kapena zithunzi za malilo a atate a munthu, bweza liwilo pa la ku fakitale, kapena uyese mpaka utakhutila, ndipo usafafanize khadi nchito isanapelekedwe. Tsiku limene udzagulitsa pulosesayo, muuze wogula kuti wakhala ukuithamangitsa kwa zaka zingati, pa voltage yotani. Mtengo udzatsika. Ndalama zimene zatsikazo sizinali zako.

Mayi uja ninawabwezela ndalama zonse. Sabata yotsatila ninapita na kamela kwa ambuya aja, n'kuwapempha kuti akambenso malangizo ao. Anavomela, anakhala pa mphasa, anakamba bwino. Pothela pake anaseka n'kunena kuti mau a tsiku lija anapita na ng'oma za tsiku lija, awa ni ena. Vidiyo yaciwiliyo ninaikonza pa 3.3 GHz. Inacedwako, ndipo inatuluka yathunthu.